Kuchoka Kukomboni ku Matepatepa, Kukafika pa Digiri

Tauni ya Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, ili ndi mayunivesite awiri. Ina ndi ya boma, Bindura University of Science Education, imene inayamba mu 1996 ngati nthambi ya University of Zimbabwe n'kudzaima payokha mu 2000. Inayo ndi ya mpingo wa ZAOGA, Zimbabwe Ezekiel Guti University, imene inatsegulidwa mu 2012. Kumpoto kwa tauniyi kuli dera la mafamu akuluakulu a fodya ndi chimanga lotchedwa Matepatepa. Munthu akhoza kuchoka kumeneko m'mawa, kukagula feteleza ku Bindura, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Koma kuti mwana wobadwira m'komboni ya pafamu akalowe pachipata cha yunivesite atanyamula mabuku, ulendo wake ndi wa zaka 13, ndipo ambiri amathera panjira.

Nkhaniyi ndi yathu ife olankhula Chichewa, chifukwa ambiri mwa anawa ndi zidzukulu za anthu a kwathu. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete ankayenda wapansi, kuwoloka Zambezi, kukasaka ndalama ya msonkho ndi ya zovala. Njira imodzi inkadzera ku Mount Darwin, choncho mafamu ndi migodi ya ku Bindura, Shamva ndi Mazowe inali pakati pa malo oyamba kuwalemba ntchito. Pambuyo pake kunabwera Mthandizi, bungwe lolemba anthu aganyu limene agogo athu amalikumbukabe. Ena anabwerera ndi njinga ndi masutikesi. Ena anatchona, anakwatira komweko, anabereka, anaikidwa m'manda komweko. Mpaka lero gule wamkulu amatuluka m'makomboni a m'derali, ndipo Ashona amamutcha zvigure.

Pafamu ya mzungu sukulu inali nkhani ya mtima wa bwana. Akafuna ankamanga kachipinda n'kulemba mphunzitsi mmodzi, nthawi zambiri wosaphunzira za uphunzitsi, ndipo ana ankathera m'makalasi oyambirira. Akapanda kufuna, mwana ankatsata amayi ake kukasankha fodya. Kunena zoona, famu sinkasowa kalaliki wochokera m'komboni, inkasowa manja. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma la Zimbabwe linachita zodabwitsa pa maphunziro: masekondale anali 177 mu 1979, ndipo zaka 10 zitadutsa anaposa 1,500. Koma ambiri anamangidwa m'midzi ndi m'matauni. Famu inali malo a munthu, ndipo boma silinkamanga sukulu pamalo a mwini. Ngakhale ntchito yodziwika ya bungwe la Save the Children yothandiza anthu a m'mafamu, imene inayambira m'boma lomweli la Bindura kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inayamba ndi zaumoyo, zimbudzi, madzi ndi ana a mkaka, chifukwa kumeneko ndi kumene moto unali kuyaka kwambiri.

Si kuti m'makomboni munalibe mitu. Alick Macheso, wobadwa mu 1968 kwa bambo a ku Malawi, anakulira m'mafamu a ku Shamva. Nicholas Zakaria, wa ku Mazowe, naye wa magazi a ku Malawi, ndiye anamulera pa zoimbaimba m'gulu la Khiama Boys, ndipo anthu anapatsa Zakaria dzina loti Senior Lecturer. Gitala ndi mpira sizifunsa chitupa, n'chifukwa chake ana a machona anatchuka nazo msanga. Kalasi ndiyo imafunsa.

Pepala loyamba

Munthu wofuna kuthandiza ana osauka amaganiza msanga za fizi. Ku Matepatepa chotchinga choyamba nthawi zambiri chimakhala satifiketi ya kubadwa. Lamulo la Zimbabwe limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire. Koma kuti mwana alembetsedwe, mayi ake ayenera kukhala ndi chitupa, ndipo kuti mayiyo apeze chitupa ayenera kukhala ndi satifiketi yakeyake ya kubadwa, imene imadalira mapepala a agogo, amene mwina anabwera wapansi kuchokera ku Dedza kapena ku Angónia opanda kapepala kalikonse. Kusowa pepala kumasanduka chuma chamasiye, kholo kusiyira mwana. Amene anabadwira m'nyumba osati kuchipatala amafunika mboni, ndipo pafamu mboni yodalirika inali kalata ya mwini famu. Mu 2000 kulanda mafamu kutayamba, azungu ambiri anachoka ndi mabuku awo a antchito.

Chaka chimenecho chinagwedeza zambiri. M'mafamu akuluakulu a Zimbabwe munali antchito oposa 300,000, osawerengera mabanja awo. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa mu 2003 anaonetsa kuti osakwana 5 mwa 100 alionse a iwo ndiwo anagawiridwa malo. Mshona wochotsedwa ntchito anali ndi kumudzi kobwerera. Mdzukulu wa mtchona kumudzi kwake kunali komboni yomweyo. Kenaka mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kutengedwa ngati nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti akane unzika umenewo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Taganizani munthu wobadwira ku Bindura, amene sanapondepo ku Malawi, akuuzidwa kuti apite ku Harare, ku ofesi ya kazembe, akakane dziko limene silikumudziwa n'komwe. Ambiri sanathe, ndipo zitupa zawo zinkawasonyeza kuti ndi alendo.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anakonza zimenezi papepala. Gawo 43 limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akukhala m'Zimbabwe, ndi nzika yobadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dzikomo. Koma lamulo silimayenda lokha kukafika kukomboni. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe anali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo ambiri anali zidzukulu za antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mwana wopanda satifiketi amalandiridwa mu Giredi 1, aphunzitsi ambiri ndi achifundo. Vuto limatulukira polembetsa mayeso a bungwe la ZIMSEC, ndipo likapanda kutulukira apo limamudikirira pa fomu ya koleji. Choncho wothandiza woyamba pa ulendo wa ku yunivesite mwina si mwini ndalama ayi, koma mphunzitsi wamkulu amene walemba kalata, wapeza mboni, n'kukwera basi ndi mayi wa mwanayo kupita ku ofesi yolembetsa anthu ku Bindura. Boma litayendetsa kalembera m'madera kuyambira mu Epulo mpaka mu Seputembala 2022, mabanja amene anapindula ndi amene anali ndi wina wowauza tsiku, malo ndi zoti anyamule.

Fomu 4, pamene ambiri amagwera

Sukulu ya ku Zimbabwe imayenda motere: zaka 7 za pulayimale, zaka 4 zothera pa mayeso a O Level, ndi zaka 2 za Fomu 5 ndi 6 zothera pa A Level. Kiyi wa chilichonse ndi maphunziro asanu a O Level okhoza ndi giredi C kapena kuposa, Chingerezi chili pomwepo, ndipo makoleji ambiri amafunanso Masamu. Popanda zisanuzi palibe Fomu 5, palibe unamwino, palibe uphunzitsi. M'zaka zaposachedwapa, m'dziko lonse, amene amakwanitsa zimenezi ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse olemba. Chiwerengerochi chikuphatikiza sukulu zamishoni zotchuka ndi za m'tauni, ndiye mukhoza kuona nokha pamene sukulu ya pafamu yaima.

Anthu atagawiridwa minda kuyambira mu 2000, m'mafamu munadzaza mabanja atsopano, ndipo sukulu zinatsegulidwa mwachangu m'mabalani a fodya, m'mashedi ndi m'nyumba zakale za azungu. Sukuluzi zimawerengedwa ngati nthambi za sukulu ina yolembetsedwa. Zambiri zilibe chilolezo cholembetsa mayeso, moti ana amakalembera kwina, ndipo labotale ya sayansi ndi maloto. Kunena chilungamo, sukulu zimenezi zinabweretsa Fomu 1 kufupi ndi ana amene makolo awo sanaione n'komwe. Komabe mtunda ulipo, ndipo ana ena amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, zimene kwathu kuno timazidziwa bwino pa masekondale oyendera. Kwa mtsikana wa zaka 15 kachipinda koteroko ndi malo oopsa. Chigawo cha Mashonaland Central ndicho chimatsogola m'Zimbabwe pa maukwati a ana. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 mu Januwale 2016, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2020 linaletsa kuchotsa mwana sukulu chifukwa cha pathupi kapena chifukwa cha fizi. Malamulowo ndi abwino. Koma mtsikana wobereka amabwerera m'kalasi pokhapokha pakhale womusungira khanda ndi womuuza kuti mpando wake ulipobe.

Anyamata amakokedwa ndi golide. Mgodi wa nikelo wa Trojan, umene unkalemba anthu ambiri ntchito yokhazikika, unaima mu 2008, unatsegulidwanso mu 2012, ndipo waimanso m'zaka zaposachedwapa. Chotsala kwa wachinyamata ndi kukumba mwa iye yekha, ukorokoza m'chinenero cha kumeneko, ku Kitsiyatota m'mphepete mwa tauni ya Bindura kapena mumtsinje wa Mazowe. Ngozi yake aliyense akuidziwa, mgodi wa Ran utagumukira anthu mu Novembala 2020 dziko lonse linamva. Koma mnyamata wa Fomu 3 amene mnzake wabwera ndi madola a ku America m'thumba, pamene mphunzitsi wake wa digiri akudandaula za malipiro, akuchita masamu amene sitingawatsutse ndi ulaliki chabe. Fodya naye amadya masiku a sukulu. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2018 linafotokoza za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'zigawo za Mashonaland, kujomba sukulu nthawi yothyola ndi yosankha, ena kudwala chifukwa chogwira masamba aawisi.

Boma lili ndi thumba la BEAM, loyamba mu 2001, lolipirira ana ovutika fizi ya pulayimale ndi sekondale, ndipo bomalo limalipirakonso gawo loposa theka la ndalama ya mayeso kwa ana a m'sukulu zaboma. Dandaulo la aphunzitsi aakulu chaka ndi chaka ndi lakuti ndalama ya BEAM imafika mochedwa kwambiri. Ndalama ya mayeso imalipiridwa pa phunziro lililonse, ndipo imafunika kumayambiriro kwa chaka, m'nyengo ya njala, fodya asanalowe bwino pamsika. Ndiye banja limasankha: mwana waphunzira maphunziro 8, alembe 5 okha. Akaphonya limodzi, basi, zisanu zija sizikwana.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi othandiza ambiri. Aliyense amafuna mwana wa ma A okhaokha, woti chithunzi chake chikongoletse lipoti. Koma gulu lalikulu ndi la ana okhoza maphunziro atatu kapena anayi, amene agwa Masamu kapena Chingerezi. ZIMSEC imalembetsa mayeso kawiri pachaka, mu Juni ndi mu Novembala, ndipo makoleji ambiri amalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri. Kumulipirira mwana wotere phunziro limodzi lobwereza, n'kumupezera womuphunzitsa madzulo kwa miyezi ingapo, ndi thandizo lotsika mtengo kuposa lina lililonse pa ulendo wonsewu. Palibe amene amaliimbira m'manja, n'chifukwa chake limasowa.

Wokhoza Fomu 4 amafunika kusamuka, chifukwa A Level, makamaka ya sayansi, imapezeka m'tauni monga ku Chipindura ndi ku Chipadze, kapena m'sukulu zogonera komweko. Mu 2016 boma linayamba kulipirira fizi ana otenga sayansi pa A Level kudzera m'thumba la ZIMDEF, koma ntchitoyo sinakhalitse. Mawerengedwe a mapointi ndi osiyana ndi a ku Malawi, kumene wa mapointi 6 ndiye katswiri. Ku Zimbabwe A ndi mapointi 5, B ndi 4, kutsika mpaka E amene ndi 1, ndipo pa maphunziro atatu katswiri ndi wa 15.

Kulowa n'kwina, kumaliza n'kwina

Kale wophunzira wa pa University of Zimbabwe ankalandira ndalama ya boma yodyera ndi yogulira mabuku, ndipo ana ambiri a alimi anaphunzira motero. Thandizo limenelo linatha cha mu 2006. M'malo mwake munabwera dongosolo loti boma likulipirire fizi iwe udzaligwirire ntchito, koma nalo linafooka boma litalephera kulipira mayunivesite. Masiku ano m'mayunivesite aboma muli mwayi woti wophunzira wosauka azigwira ntchito zapasukulupo m'malo mwa fizi, koma malo ake ndi ochepa. Ku Malawi, ngakhale timadandaula, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'makoleji lakhalapo kuyambira mu 2015.

Kalata yoitanidwa ku yunivesite ikafika, komboni yonse imasangalala, abale amasonkha, mbuzi imagulitsidwa, semesita yoyamba imalipiridwa. Mavuto amayamba yachiwiri. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, ndiye ophunzira ambiri a ku Bindura amachita lendi ku Chipadze, ku Chiwaridzo kapena ku Aerodrome, angapo m'chipinda chimodzi. Pamafunika ya lendi, ya chakudya, ya thiransipoti, ya intaneti, ndiponso laputopu, chifukwa ntchito za m'kalasi masiku ano sizilembedwa pamanja. Chaka chachitatu ambiri amapita kukaphunzira ntchito kukampani kapena ku ofesi. Malowo wophunzira amadzipezera yekha, kawirikawiri salipidwa, ndipo amalipirabe gawo la fizi. Mwana wa mkulu wa ku banki amaimbira foni amalume ake ku Harare. Mwana wa m'komboni amalume ake ndi mlonda wa pabalani. Palinso katundu wina wosaoneka: kunyumba amamuyesa kale bwana, ndipo mayi akadwala kapena mng'ono akathamangitsidwa sukulu, foni imalira kwa iye. Ena amabisa kumene achokera, poopa mayina achipongwe monga mabhurandaya ndi mabwidi amene anthu a ku Malawi akhala akutchedwa kumeneko. Munthu wobisala safunsa thandizo, amangosowa m'kalasi mwakachetechete.

Pa chikhalidwe chathu mlendo sitimusiya pakhomo, timamuperekeza mpaka adutse pamene angasochere. Mabungwe amene aonetsa zipatso pa nkhaniyi ndi amene amachita zomwezo. Camfed inayambira ku Zimbabwe komweko: Ann Cotton anapita ku Mola, m'boma la Nyaminyami, mu 1991, napeza kuti chimene chikuletsa atsikana sukulu ndi umphawi osati kukana kwa makolo, ndipo mu 1993 anayamba ndi atsikana 32. Bungweli silimangolipira fizi, limagulanso yunifolomu, nsapato ndi zofunika za atsikana pamwezi. Chanzeru kwambiri chinachitika mu 1998, pamene omaliza sukulu anapanga gulu lawo lotchedwa CAMA, loti lizigwirana manja pa nthawi yovuta ija ya pakati pa sekondale ndi moyo wa uchikulire. Ena mwa iwo amabwerera m'sukulu za kwawo kukalangiza ang'ono awo. Angeline Murimirwa, mmodzi mwa atsikana oyambirira kuthandizidwa, ndiye anakhala mkulu wa bungwe lonse mu 2023. Ku Malawi Camfed inafika mu 2009.

Palinso Higherlife Foundation ya Strive ndi Tsitsi Masiyiwa, imene inayamba mu 1996 polipirira ana amasiye, ndi USAP, imene Rebecca Zeigler Mano anayambitsa ku Harare mu 1999 kuti ana anzeru a m'mabanja osauka apeze malo m'mayunivesite akunja. USAP inazindikira kuti mwana wanzeru akhoza kulephera chifukwa chosadziwa kudzaza fomu, kusowa ndalama ya pasipoti kapena kuphonya tsiku lotsekera, ndipo mu 2020 inatsegula sukulu yakeyake ya A Level. Koma mabungwe oterewa amatenga ochepa kwambiri, osankhidwa m'dziko lonse, ndipo onse amafunsa mapepala aja tinayamba nawo.

Umboni woti tinthu ting'onoting'ono ndi timene timagwetsa ophunzira unapezekanso kutali, ku New York. Mu 2007 City University of New York inayamba ntchito yotchedwa ASAP, yopatsa ophunzira osauka matikiti a sitima ndi basi, mabuku, kuwakwaniritsira fizi yotsala, ndi mlangizi woti azionana naye pafupipafupi. Ofufuza atayerekeza magulu awiri, anapeza kuti patatha zaka 3, mwa othandizidwawo 40 pa 100 alionse anali atamaliza, pamene mwa enawo anali 22 okha. Aphunzitsi anali omwewo, mayeso omwewo. Ngati tikiti ya sitima ikusintha zinthu chotere m'dziko lolemera, nanga ya minibasi ya pakati pa Matepatepa ndi Bindura?

Tisaiwalenso kuti koleji si yunivesite yokha. Ku Madziwa, m'boma la Shamva, nyumba za mgodi wakale wa nikelo zinasanduka koleji ya aphunzitsi. Ku Mount Darwin kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Chaminuka, ndipo Zimbabwe Open University, imene munthu amaphunzira ali pantchito, ili ndi ofesi ku Bindura. Kwa mwana wa zisanu zake za O Level amene banja silingamudikire zaka zina 6, dipuloma ya uphunzitsi kapena satifiketi ya zamagetsi ndi njira yaifupi yofikira pa malipiro, ndipo digiri akhoza kudzaitenga pambuyo pake. Alangizi ena amanyoza njirazi pamaso pa ana, ndipo kumeneko ndi kulakwa.

Ana a machona sangadikire mabungwe akunja okha, ndipo chodalira ali nacho. Makolo awo, posowa mudzi woti uwaike m'manda, anapanga magulu a maliro amene amasonkha mwezi ndi mwezi, ali ndi mlembi, msungichuma ndi buku la maina. Ali ndi mizikiti, ali ndi mipingo, kuphatikizapo CCAP imene sinodi yake ya Harare inakhazikitsidwa mu 1965 kuchokera pa ntchito yotumikira anthu a ku Nyasaland. Luso losonkha, kusunga ndi kulemba lilipo kale. Gulu la maliro likhoza kutsegula tsamba lina m'buku lake la maina lija: ana a mamembala amene alibe satifiketi ya kubadwa, amene akulemba Fomu 4 chaka chino, amene akufunika kubwereza Masamu mu Juni, ndi amene ali chaka chachitatu ku koleji ndipo akusowa ya lendi. Ndalama ya bokosi limodzi la maliro ikhoza kulipirira ana angapo phunziro lobwereza, ndipo mlembi wa gulu, amene amadziwa khomo lililonse m'komboni, ndi amene angadziwe msanga mwana akasiya kupita kusukulu.